Foni ya Ba Daka Inalibe Vuto

Taonga mwana wanga, usaseke. Ndikudziwa kuti anthu amalemba mbili ya moyo wao ali ndi imvi, koma ine nchito ndapuma ndisanafike zaka makumi anai, chifukwa maso anakana. Zaka zonsezi kuyang'ana tumawaya tochepa ngati tsitsi, manje dokotala akuti basi, siya. Ndiye ndikulemba pa foni yomweyi, zilembo nditazikulitsa ngati chikwangwani cha minibasi. Za ubwana wanga ku Kabwata ukafunse ambuye ako, adzakuuza ndi zonama zomwe. Ine ndiyambila pa benchi yokonzela mafoni, chifukwa pali nkhani imodzi imene ikundidyabe mumtima, ndipo ndifuna uimve kwa ine.

Chaka chimene ndinasiya sukulu

Palibe amene anandiphunzitsa nchito iyi. Ndinaononga mafoni anai a m'nyumba mwathu ndikuonela mavidiyo a anthu olankhula zinenelo zimene sindimva, mpaka yachisanu inayaka. Tsiku limenelo ndinathamanga fulati yonse ndikukuwa ngati ndagoletsa chigoli. Patapita mwezi ndinapeza malo kwa Ba Chanda, mwamuna wamimba wa ku Kopa, dela la migodi, amene anali ndi kashopu kopapatiza pafupi ndi City Market. Munali benchi yanga, galasi la makava ndi machaja, ndi kampando kamodzi ka pulasitiki ka kasitoma. Tsiku loyamba lomwelo anandikhazika pansi.

"Iwe Sauso, mvela. Kasitoma akabwela na foni, usakambe ati ilibe vuto. Wamvela? Ukakamba so azakuona monga chipuba, chitsilu, azapita pa shopu ya pafupi, kuja bazamuuza ati yapsa mukati. Tsegula, pukuta na kabulashi, uzila mpepo, tseka, umupatse. Aliyense afuna kuona ati wagwilako."

"Nanga ngati ilidi bwino, bakamba?"

"Palibe foni ili bwino mu Lusaka. Chachiwili, usalowe mu mameseji ya kasitoma. Ukalowa, pakamwa tseka."

Lamulo loyamba ndinalisunga zaka zambili. Lachiwili tonse mu tauni tinkaliphwanya, ndisaname. Ukamayesa ngati sikilini yatsopano ikugwila, chala chimapita chokha. Ndinaona zinthu, mwana wanga. Anthu ali ndi manambala mazana mufoni, magulu a tchalitchi, a banja, a sukulu, koma ukayang'ana amene anawaimbila komaliza, ndi kampani ya netiweki yowatsatsa nyimbo. Zinkandipsetsa mtima, ndipo ine ndikapsa mtima ndimakamba. Ba Chanda ankanditcha wailesi yopanda batani.

Chaka cha magetsi othima

Unali usanabadwe pamene magetsi anayamba kupita m'mawa kubwela madzulo. Chitsulo chosungunulila mtovu chinali chozizila tsiku lonse, masikilini osowa, mabatile obwela otupa kale. Makasitoma ankatitukwana ngati ndife tamwa madzi a mu damu ya magetsi. Ine ndinkazungulila mushopu, kutukwana boma, kutukwana mvula, kukanda foni yanga mpaka nayo kuthima.

Khomo loyandikana ndi lathu linali la mdala wina wa ku China wogulitsa masipeya, tinkamutcha Ba Lu. Anali atakhala mu Lusaka zaka zambili, Chinyanja chao chinali chothyokathyoka koma chomveka. Magetsi akapita, iwo ankatulutsa kampando panja, kukhala, kumwa madzi otentha mu kabotolo, osachita kanthu. Zimenezi zinkandinyansa. Tsiku lina ndinali kulimbana ndi kasikuluu kokana kumasuka, ndikukanikiza ndi mphamvu zonse, iwo anandigwila dzanja.

"Iwe finya, iye limba. Manje mutu wake wadyeka, foni yafa. Siya pang'ono. Ika mafuta, pita kamwe madzi."

"Ba Lu, kasitoma alindila!"

"Kasitoma alindila foni, osati mphamvu zako."

Ndinaika mafuta mokwiya, ndinapita kukagula vitumbuwa. Pobwela kasikuluu kanamasuka ndi zala ziwili. Kuyambila pamenepo ndinayamba kuwafunsa mafunso, ndipo anandiuza kuti kwao kuli kaganizidwe kakale kotchedwa Tao, kuti zinthu zili ndi njila yake imene zimayendela zokha, ndipo munthu wokakamiza amaononga zambili kuposa amene wakhala chete. Ankatenga foni yodzaza zithunzi, yoti siikutsegukanso, nkunena kuti, "Ona. Yadzala, ndiye yafa. Malo yopanda kanthu ndiyo imagwila nchito." Ine ndinakafufuza pa foni, ndinawelenga masamba ambilimbili, m'mawa mwake ndikubwela kudzawafotokozela za Tao yao yomwe, mau ngati mfuti. Anamvetsela mpaka ndinatha, nkuti, "Wawelenga maningi. Manje khala chete mphindi zisanu." Sindinafike ziwili.

Kunena zoona, ndinkaona ngati ndi nzelu za munthu amene ali kale ndi shopu yake. Wosauka akhale chete adye chiyani?

Chaka chimene unabadwa

M'chaka chimenecho ndi pamene Ba Daka anayamba kubwela. Anali mdala wa kwathu ku Chipata, wamtali, wa jekete ndi tayi ngakhale mu Okutobala, nsapato zopukutidwa. Ankakhala yekha mu kafulati ku Kabwata, akazi ao atamwalila. Analowa Lachiwili lina, nkuika pa benchi kafoni ka mabatani kokulunga mu mpango.

"Mwana wanga, foni iyi siikulila."

Ndinaiimbila ndi yanga. Inalila mpaka amai ogulitsa tomato panja anacheuka. Ndinatsala pang'ono kunena, koma Ba Chanda anandiyang'ana kuseli kwa galasi. Ndiye ndinatsegula, kupukuta ndi kabulashi, kuuzila, kutseka. Ba Daka anali atakhala kale pa kampando ka pulasitiki, chipewa pa bondo, akundifunsa kuti kwathu nkuti, ndine mwana wa yani. Anakhala maola awili. Anakangana ndi Ba Chanda za mpila, anaseka ndi amai a tomato, anagawana chinangwa chootcha ndi Ba Lu. Kenaka anapeleka kandalama kochepa nkukakwela minibasi.

Lachiwili lotsatila, yemweyo. "Yayambanso, mwana wanga." Lachiwili linalo, yemweyo. Miyezi isanu ndi itatu! Ndinaipukuta foni ija mpaka mkati mwake munali mowala kuposa mbale za mu hotela. Ndipo poti ndine Sauso, ndinalowa. Ndinaona kuti foni inalibe vuto lililonse koma kuti palibe amene ankaimba. Mwana wao wamkazi, Ba Misozi, wa nchito ya mu ofesi, wokhala ku Woodlands, anali ataimba komaliza pa Khisimasi. Ku Woodlands, Taonga! Kuchoka ku Woodlands kufika ku Kabwata ungayende ndi miyendo chimanga chootcha chisanazizile. Ana ena awili anali kunja kwa dziko, mameseji ao onse a mau awili, "Muli bwanji," basi.

Magazi anandiwila. Ndinapita kwa Ba Lu.

"Mdala uja tikumubela! Aganiza foni yafa, kansi ni bana bake bamutaya. Nizabauza, nizabachititsa manyazi!"

"Iye wakupempha?"

"Sangapemphe, sadziwa!"

"Iwe udziwa bwanji ati sadziwa?" Anamwa madzi ao. "Lachiwili abwela, aseka, adya, apita. Chinthu chiyenda. Iwe ufuna kufinya."

"Ndiye nikhale chabe monga imwe? Tao yanu ija ni ulesi, Ba Lu!"

Anangosuntha kampando kao kutsata mthunzi.

Lachiwili lotsatila Ba Daka atapita kukagula chinangwa, ndinakopela manambala a ana ao onse atatu. Madzulo ndili mu minibasi ndinawalembela uthenga umodzi, wautali ngati ulaliki. Ndinawauza kuti ndine wokonza mafoni wa atate ao, kuti mdala amakwela minibasi sabata iliyonse kudzakonzetsa foni imene ilibe vuto, chifukwa sangakhulupilile kuti ana amene anawaphunzitsa angakhale chete chotele. Ndinawauza kuti ali ndi mafoni odula koma mitima yao ilibe netiweki. Ndinanyadila chiganizo chimenecho, ndinachiwelenga katatu. Ndinatumiza. Ndinafika kunyumba ndikudzimva ngati mneneli, ndinauza amai ako, iwo anangoti, "Sauso, unafunsa mwiniwake?"

M'mawa mwake galimoto yoyela inaima pakhomo pa shopu, kutseka njila ya mawilibala. Anatuluka mai wovala suti, makiyi m'manja.

"Ndani Masauso pano?"

"Ndine, amai."

"Ndiwe unalowa mu foni ya adadi? Ndani anakupatsa mphamvu? Udziwa zimene ndimachita ine pa adadi? Mankhwala ao a BP agula ndani? Udziwa kuti azichimwene anga akhala akundiimbila kuchokela kunja, ati ndawachititsa manyazi kwa anthu a mu maliketi?"

"Amai, ine ninangofuna muziwaimbila."

"Iwe ndiwe ndani?"

Anthu anali atadzaza pakhomo, ena akujambula ndi mafoni. Ba Chanda anapepesa mpaka kugwada pang'ono, chinthu chimene sindinaonepo. Galimoto itapita, ananditengela kuseli.

"Sauso, malamulo yanali yawili chabe. Longa ma sikuludilaiva yako."

Zaka zisanu ndi ziwili pa benchi imeneyo, zinatha ndi uthenga umodzi. Koma ukudziwa? Ndinatuluka mutu uli m'mwamba. Ndinati ngakhale nchito yatha, mdala aziimbilidwa. Ndinadutsa pa Ba Lu osawapatsa moni.

Miyezi itatu pambuyo pake, ku Woodlands

Ndinayamba kuyenda ndi chikwama, kukonza mafoni m'manyumba ndi m'maofesi, Chelstone, Emmasdale, kulikonse kumene andiitana. Iwe unali wakhanda, tinavutika, koma imeneyo ndi nkhani ina. Tsiku lina ndinapita kukagula sikilini kwa Ba Lu, poti masipeya abwino anali kwa iwo basi. Ndinafunsa ngati mdala amabwelabe.

"Sanabwele. Kuchokela tsiku ija."

Ndinapita ku Kabwata. Pa fulati yao panali makatani ena. Amai a pafupi anandiuza kuti mwana wao anabwela ndi kalole, anawatenga, akukhala ku Woodlands. "Ati anthu a mu tauni anali kuwadyela ndalama." Anandilongosolela nyumba yake, poti anathandiza kunyamula katundu.

Mpanda wautali, waya wa magetsi pamwamba, geti yachitsulo yakuda. Inali nthawi ya m'mawa, mseu wonse zii, anthu onse ali ku nchito. Ndinagogoda nthawi yaitali, galu akuuwa. Kenaka kazenela kakang'ono ka pa geti kanatseguka, ndinaona maso a Ba Daka. Analibe tayi. Anali atavala juzi ndi masilipasi.

"Ndiwe, Masauso."

"Ndine, atate. Tsegulani."

"Kiyi Misozi amapita nayo. Akuti ndingasochele mu tauni, akuti ndayamba kusokonezeka mutu, munthu wanzelu sangakonzetse foni yabwino miyezi isanu ndi itatu."

Ndinayamba kukamba, monga mwa ine. Kuti ndinachita chifukwa cha iwo, kuti ana a masiku ano ndi oipa, kuti tsopano akuimbilidwa. Anandidula.

"Mwana wanga, unandifunsapo nchito imene ndinkagwila?"

Ndinaganiza. Miyezi isanu ndi itatu, ndinali nditawauza za ine zonse, za amai ako, za mimba, za mpila. Sindinafunsepo.

"Ndinagwila pa switchibodi ya matelefoni zaka makumi atatu. Munthu akafuna kulankhula ndi Ndola, ankadutsa m'manja mwanga, ndine ndinkalumikiza waya. Ndiye iwe ukuganiza kuti sindidziwa foni yakufa ndi yamoyo?"

Iwo anapitiliza.

"Ndinkadziwa kuti ana saimba. Ali ndi moyo wao, ndinawalela kuti akhale nao. Koma munthu wamkulu sungangokwela minibasi kupita kukakhala pa shopu ya eni popanda chifukwa, amakuona ngati wamisala kapena wopempha. Ukakhala ndi foni yoonongeka, ndiwe kasitoma. Amakupatsa mpando. Lolemba ndinkasita malaya, Lachiwili ndinkabwela, Lachitatu ndinkakumbukila zimene tinaseka. Sabata inkatha. Bwana wako ankadziwa. Mchaina uja ankadziwa. Amai a tomato ankadziwa. Iwe wekha, wanzelu."

Taonga, ndakhala ndikutukwanidwa ndi makasitoma, ndi makondakitala, ndi apolisi, koma palibe mau anandilasa ngati amenewo. Ndipo chimene chimandipsetsa mtima mpaka lelo nchakuti ana aja anachita zonse zimene ndinawauza! Anawagulila foni yaikulu ya kamela zitatu. Anawaika mu gulu la banja, mmene amatumizilana zithunzi za maluwa m'mawa uliwonse. Lamulungu amawaimbila pa vidiyo mphindi zitatu, adzukulu nkukweza manja, "Moni ambuye," nkuthawa. Aliyense mtima wake unakhala pansi. Mdala ali ndi waifai, ali ndi TV, ali ndi galu, ndipo kuyambila seveni mpaka faifi salankhula ndi munthu wamoyo. Amenewo ndiwo akuti kusamala kholo! Ndipo amene anawatsekela mumpanda umenewo ndi chala changa ichi.

Anatulutsa foni yatsopano ija pa kazenela.

"Uli ndi zitsulo zako?"

"Zili m'chikwama. Yavuta chiyani?"

"Ilibe vuto. Ndifuna uiononge."

Ndinaseka, ndikuyesa nthabwala. Iwo sanaseke.

"Uiononge bwinobwino, mwaluso. Ndidzamuuza Misozi kuti ndili ndi wokonza wanga mu tauni, andisiye ndipite Lachiwili."

Ndinaima pa geti paja foni ili m'manja, ndipo ndikuuze, pa zaka zanga zonse za nchito palibe chinthu chinandivuta kusankha ngati chimenecho. Sindinaonongepo foni ya munthu dala. Ena mu tauni amatelo kuti kasitoma abwelenso, ine ndinkawanyoza poyela. Komanso mdala wa BP, yekha mumpanda wokhoma, atagwa nkufuna kuitana munthu, foni nditaipha ine? Ndinamva mau a Ba Lu m'mutu, akuti siya, wafinya kale kamodzi. Koma ndinayang'ana maso aja pa kazenela. Ulendo uno mwiniwake anali atapempha.

Ndinakhala pansi pa kapinga, ndinayala kansalu pa bondo. Sindinakhudze mbali yoimbila kapena batile. Ndinatsegula kumbuyo, ndinamasula kalamba kakang'ono ka kamela ya kutsogolo, ndinatseka. Foni ikuimba, ikulila, koma pa vidiyo ana aziona mdima. Ndinadziwa kuti chimenecho sangachipilile, poti amafuna kujambula sikilini nkuika mu gulu kuti onse aone kuti alankhula ndi adadi.

"Lamulungu adzadandaula," ndinatelo. "Lachiwili mudzandipeza pakhomo pa Ba Lu. Ndidzabwela ndi mpando."

Anaseka koyamba. "Ndisite malaya."

Lachiwili ndinafika eiti koloko. Ndinabweleka mpando, ndinagula chinangwa cha anthu atatu. Ba Lu anangondisunthila malo pamthunzi. Minibasi iliyonse ya ku Woodlands ikaima, ndinkaimilila. Teni. Thwelofu. Makasitoma awili anandiimbila, ndinawakana. Chinangwa chinauma mu pepala.

Cha m'ma thili foni yanga inalila, nambala ya Ba Daka.

"Atate, muli pati? Mwasochela?"

"Ndili kunyumba, mwana wanga. Misozi anaitenga dzulo popita ku nchito. Akuti ku shopu ya mu molo, ku masitolo akulu aja, anamuuza kuti kukonza nkutaya nthawi. Wandigulila ina. Iyi ili ndi kamela zinai. Ikulila bwino kwambili."

Ndinatsegula pakamwa kuti nditukwane Ba Misozi, shopu ya mu molo, mafoni onse a mu Lusaka ndi amene anawapanga. Mau anali atafika kale pa lilime. Koma ndinamva kuti mdala sanadule. Anali pomwepo, akupuma. Kumbuyo kwao galu, ndi pampu ya madzi ikulila. Kumbuyo kwanga makondakitala akuitana Chelstone, amai a tomato akukangana ndi wa wilibala.

"Usakambe," anatelo. "Ingoisiya choncho, ndimveko tauni."

Ndinachotsa foni kukhutu, ndinaiika pa mpando wa pulasitiki uja, kukamwa kwake kuloza kumseu. Ndinakhala pansi pambali pake, pa simenti, mpaka tokotaimu ya mu foni yao inatha.